Dzina lachitatu pa belu la pakhomo panu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Stuttgart kumeneko, ndipo chisanu sichikukuzunzani ngati chaka chatha. Kuno tilipo. Mvula yayamba bwino, anthu ali kalikiliki kubzala. Mayi anu ndinawaona Lamulungu potuluka m'tchalitchi, ali athanzi ndithu, koma akuti muziimba foni pafupipafupi.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe kalata yaitali chonchi, m'malo mwa timauthenga tathu ta pa WhatsApp, ndi chithunzi chija munanditumizira mutangolowa m'nyumba yatsopano. Munati kumeneko wamtengatenga sayang'ana nambala ya chitseko, amayang'ana dzina, ndipo munajambula mabelu a pakhomo kuti ndione lanu, lolembedwa ndi bolopeni pakapepala komata ndi selotepi pansi penipeni. Ndinaliona, ndipo ndinakondwera. Koma maso anga anakakamira pa dzina lachitatu kuchokera pamwamba: Rebmann. Inu mwina mumalidutsa m'mawa uliwonse osalilabadira. Ine nditaliona mtima unagunda, chifukwa dzina limeneli lili pachiyambi penipeni pa mbiri ya Chichewa cholembedwa. Ndakhala milungu itatu ndikulifufuza usiku ana akagona, ndipo zimene ndapeza sindingazisunge ndekha.

Ndiyambe ndi tanthauzo lake. M'Chijeremani Rebe ndi mpesa, mtengo woyanga uja umabala mphesa, ndipo Mann ndi munthu wamwamuna. Choncho Rebmann ndi munthu wa mipesa, wolima ndi kutengulira munda wa mphesa. Si dzina la mfumu kapena la mwini chuma ayi. Ndi dzina la munthu wa khasu ndi kampeni kokhota kodulira nthambi.

Ajeremani kalekale analibe maina a makolo. Munthu ankangokhala Hans kapena Konrad basi. Mizinda itayamba kukula, kuyambira zaka za m'ma 1100 mpaka m'ma 1300, a Hans anachuluka mwakuti wolemba msonkho ndi wolemba za malo sankadziwanso kuti Hans wake ndi uti. Ndiye anayamba kuwonjezera mawu osiyanitsa: ntchito ya munthuyo, mudzi umene anachokera, dzina la bambo ake, kapena maonekedwe ake. Mwambowu unayambira m'mizinda ya kummwera ndi kumadzulo n'kumakwera kumpoto pang'onopang'ono, moti ku Friesland anthu ena anafika zaka za m'ma 1800 mwana aliyense akungotenga dzina loyamba la bambo ake. Mawu osiyanitsawo anayamba kupita kwa ana ndi zidzukulu, ngakhale mdzukuluyo asanagwirepo ntchito ya agogo ake. N'chifukwa chake maina ofala kwambiri kumeneko ali ngati kaundula wa amisiri a pamudzi: Müller ndi wachigayo, Schmidt wosula zitsulo, Schneider telala, Fischer msodzi, Weber woomba nsalu, Wagner wopanga ngolo, Becker wophika buledi. A Müller okha alipo pafupifupi 700,000 m'dziko la anthu oposa 83 miliyoni.

Nanga bwanji a Rebmann ndi ochepa chotere, osapezeka n'komwe pa maina 100 ofala kwambiri, pamene Ajeremani akhala akulima mphesa kuyambira nthawi ya Aroma? Apa ndi pamene nkhaniyi inandikomera. Chigayo chinkafunika mudzi uliwonse, kumpoto ndi kummwera komwe, chifukwa aliyense amadya buledi. Mpesa ndi wosankha. Sufuna chisanu chambiri, umafuna phiri lopenya kudzuwa, ndiye umangochita bwino m'zigwa zotentherako za mitsinje ya Rhine, Mosel, Main ndi Neckar wanuyo, komanso m'mbali mwa nyanja ya Bodensee. Theka lonse la kumpoto kwa dzikolo lilibe minda ya mphesa yoti n'kuitchula. Pamwamba pa apo, ngakhale m'madera olima mphesawo, chigawo chilichonse chinali ndi mawu akeake otchulira mlimi ameneyu. Ku Franken ankati Häcker, kuchokera ku mawu a kulima ndi khasu. Ku Bavaria ankati Weinzierl. Ku Austria amati Hauer. Kwanuko ku Württemberg amati Weingärtner, ndipo pakamwa pa anthu akumeneko limamveka Wengerter. Mawu akuti Rebmann ndi a kummwera chakumadzulo, ku Baden, ku Alsace kumene lero ndi France, ndi ku Switzerland. Mumzinda wa Basel mpaka lero muli bungwe lakale la amisiri lotchedwa Rebleute, anthu a mipesa. Ntchito imodzi inagawikana m'maina asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo lililonse linangotsala ndi kagawo kake.

Ine ndikuonanso chifukwa china, ndipo ichi ndi cha m'mutu mwanga. Dzina limamata pamene likusiyanitsa munthu ndi anzake. Pamudzi pathu simungatchule munthu kuti "mlimi wa chimanga" n'kuyembekeza kuti anthu adziwe amene mukunena, poti tonse timalima chimanga. Wachigayo pamudzi amakhala mmodzi. M'mudzi woti khomo lililonse lili ndi mipesa, mawu akuti Rebmann sakanaloza aliyense.

Akatswiri a maina kumeneko anapeza njira yochenjera yoonera kumene dzina limakhala. Anatenga manambala a foni za m'nyumba a chaka cha 2005, pafupifupi 28 miliyoni, n'kuika dzina lililonse pamapu potsata nambala ya positi ya dera. Ntchito imeneyi inatsogoleredwa ndi Konrad Kunze wa ku Freiburg ndi Damaris Nübling wa ku Mainz, ndipo ku Mainz komweko akulemba mtanthauziramawu wa maina pa intaneti. Anasankha foni za m'nyumba chifukwa nthawi imeneyo mabanja ambiri anali akadali nazo ndipo ankalembetsa m'buku la manambala. Maina osiyanasiyana anakwana pafupifupi 850,000, ambiri mwa iwo a mabanja owerengeka chabe. Chimene chinandizizwitsa n'chakuti patapita zaka mazanamazana, nkhondo ziwiri zikuluzikulu, mafakitale ndi sitima zapamtunda, maina ambiri akadali pafupi ndi kumene anabadwira. La Rebmann lachulukira ku Baden-Württemberg, chigawo chimene mukukhalacho, n'kumachepa mukamapita kumpoto. Mukanapeza nyumba ku Hamburg, mwayi woliona pa belu ukanakhala wochepa kwambiri.

Sikuti onse anakhala. Ku Württemberg kunali mwambo wogawa munda mofanana kwa ana onse, ndiye mbadwo uliwonse minda inkacheperachepera mpaka kusanduka timizere tosakwanira kudyetsa banja. Mu 1815 phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika, phulusa lake linaphimba dzuwa, ndipo 1816 chinakhala chaka chopanda nyengo yofunda ku Ulaya. Tirigu anakanika, mphesa sizinapse, njala inavuta. Anthu zikwizikwi anasamukira ku America, ena ku Russia. Ku America dzinali nthawi zambiri linataya n mmodzi n'kukhala Rebman. Ku Germany komweko kalembedwe ka maina kanakhazikika boma litayamba kulemba lokha za kubadwa, ukwati ndi imfa m'dziko lonse kuyambira pa 1 January 1876.

Alipo a Rebmann ena odziwika. Kurt Rebmann wa ku Heilbronn, mzinda winanso wa mphesa m'mbali mwa Neckar, anali mkulu woimira boma pa milandu kuyambira 1977 mpaka 1990, ndipo analowa m'malo mwa Siegfried Buback amene anaphedwa ndi gulu la zigawenga la ku Germany komweko lotchedwa RAF. Koma amene ine ndikumufuna ndi wina.

Johannes Rebmann anabadwa pa 16 January 1820 ku Gerlingen, mtunda wochepa kumadzulo kwa Stuttgart. Bambo ake anali mlimi wa mphesa, moti m'banja limeneli dzina ndi ntchito zinali zisanasiyane. Anaphunzira za umishonale ku Basel, ndipo mu 1846 bungwe la Church Missionary Society la ku England linamutumiza kugombe la kum'mawa kwa Africa, kumene anakagwira ntchito ndi Ludwig Krapf ku Rabai, pafupi ndi Mombasa. Dziko limamudziwa chifukwa cha tsiku la 11 May 1848, pamene anakhala mzungu woyamba kuona Kilimanjaro. Atalemba kuti pamwamba pa phirilo pali chipale, akatswiri ena ku London anamutsutsa kwa zaka, kunena kuti chipale sichingakhale pamalo otentha choncho. Lero limodzi mwa madambo a madzi oundana a pamwamba pa phirilo limatchedwa ndi dzina lake.

Zimenezo n'zimene alendo amauzidwa. Zathu n'izi. Mu 1853, ali komweko pafupi ndi Mombasa, anakumana ndi kapolo wina wotchedwa Salimini, amene ankalankhula chiyankhulo chosiyana ndi Chiswahili ndi ziyankhulo za kumeneko. Munthu ameneyu anali wakwathu. Ofufuza atsata zimene iye anafotokoza za kwawo ndipo akuloza dera la Lilongwe. Anagwidwa, anawolotsedwa nyanja, anayendetsedwa mpaka kugombe, n'kugulitsidwa. Awiriwa anakhala pansi kuyambira 1853 mpaka 1855, wina akutchula mawu, wina akulemba, ndipo munatuluka mtanthauziramawu woyamba wa chiyankhulo chathu. Taganizani, achimwene: David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, amishonale a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma Chichewa chinali chitalembedwa kale papepala ku Kenya, ndi munthu amene sanapondepo dothi lathu, kuchokera pakamwa pa munthu amene analandidwa dothilo.

Rebmann anakhala ku Africa zaka 29. Anabwerera kwawo mu 1875 maso atachita khungu, ndipo anamwalira ku Korntal pa 4 October 1876. Bukulo sanaligwire m'manja. Krapf ndiye analikonza, ndipo linasindikizidwa mu 1877 ku St. Chrischona pafupi ndi Basel, ndi mutu wakuti Dictionary of the Kiniassa Language. Pachikuto analemba kuti John Rebman, dzina lake atalivala Chingerezi, n mmodzi atagwa.

Ndinalipeza pa intaneti, masamba ake ojambulidwa, achikasu ndi ukalamba. Poyamba ndinkangoona zilembo zachilendo, chifukwa iye ankalemba mawu athu ndi khutu lozolowera Chijeremani ndi Chiswahili. Kenako ndinayamba kuwerenga mokweza, nditakhala pakhonde foni ili m'manja. Mayi a kunyumba, amene ankasenda mbatata pambali panga, anaimitsa mpeni n'kufunsa kuti, "Kodi amenewo ndi agogo a kuti?" Mawu amene maso anga ankawakana, makutu awo anawalandira nthawi yomweyo. Tinakhala choncho mpaka udzudzu unatithamangitsa.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Dzina la Rebmann mungalitsate m'mbuyo zaka mazana angapo. Mungadziwe tanthauzo lake, ntchito imene linachokera, chigawo chimene linabadwira, chifukwa chake silinafale, ngakhale kumene n wake anakatayikira. Lili m'makaundula a ubatizo, pamapu a akatswiri, paphiri lalitali koposa mu Africa, ndi pa belu la pakhomo panu. Sindikuchita nsanje, ndipo munthuyo ndimamulemekeza ndi mtima wonse. Anapereka maso ake ndi moyo wake pa ntchito imene ife tikudyerera. Koma mnzake uja? Salimini ndi dzina la kugombe, lochokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili. Si dzina limene mayi wa ku Lilongwe wa nthawi imeneyo akanaitanira mwana wake kuti abwere adzadye. Kwathu mlendo akafika, funso loyamba pambuyo pa moni ndi la mfunda, kuti tidziwe ngati tikulankhula ndi a Phiri, a Banda, a Mwale kapena a Mbewe, ndipo tikadziwa timapeza pomukhazika pakati pathu. Munthu ameneyu anali ndi mfunda wake, anali ndi amalume ake, anali ndi mudzi umene unamulira. Ukapolo unamuvula zonsezo n'kumuveka dzina la eni ake. Chimene anakanika kumulanda ndi chiyankhulo, ndipo anachisunga m'mutu zaka zonsezo mpaka anachikhuthulira m'buku limene pachikuto pake iye palibe. Ana athu kusukulu amaloweza maina a azungu oyendera malo, koma la munthu ameneyu ambiri sanalimvepo. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndayamba kuwauza ana a m'kalasi mwanga.

Ndiye ndili ndi pempho. Mukapeza tsiku lopuma, kwerani sitima ya mumzinda ya U6 mpaka kumapeto kwake ku Gerlingen. Nyumba imene Johannes Rebmann anabadwira ikadalipo, ndipo muli chipinda chokumbukira amishonale a m'tauniyo. Mukandijambulire nyumbayo, ndipo mukafunse amene akuyang'anira ngati Salimini amamutchula akamalandira alendo. Mukawauze kuti mwachokera kwawo kwa munthu ameneyo. Korntal sikutali ndi kumeneko. Manda a Rebmann ali komweko, ndi a Krapf amene anamwalira mu 1881. Mukakhala ndi mphamvu, mukakwerenso limodzi mwa mapiri a mphesa ozungulira Stuttgart, aja munati amaoneka ngati masitepe a miyala. Nyengo ino mipesa ilibe masamba, ndipo chakumayambiriro kwa chaka alimi amakhala ali m'mizere akudulira nthambi m'chisanu. Ndikufuna ndione manja a munthu akugwira ntchito imene inabala dzinali.

A pa belu lachitatuwo musawavutitse, koma mukakumana nawo pamasitepe n'kuona kuti ndi omasuka, mukhoza kuwafunsa ngati makolo awo anali a ku Gerlingen. Ufa ndi chambiko chimene munapempha ndapatsira mlamu wanu amene akunyamuka mwezi wamawa. Mupereke moni kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo kumeneko.

Ndine mnzanu wa pamudzi.