Ngozi yogwa mwadzidzidzi sichilolezo chotsekera anthu

Akonzi,

Mvula ikangovuta kuno ku Zomba, timamva anthu akusakaniza zinthu ziwiri. Kulengeza kuti dziko lili pa ngozi, monga anachitira a Chakwera mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera, n'kutsegula njira yoti thandizo lifike. Sikulanda munthu ufulu uliwonse. State of emergency, pamene boma limaloledwa kuchepetsa maufulu ena a anthu kwakanthawi, ndi nyama ina, ndipo gawo 45 la malamulo aakulu a dziko lino linaimanga ndi zingwe zambiri.

Mtsogoleri wa dziko sangailengeze yekha. Pafunika chilolezo cha komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. Zifukwa zake ndi nkhondo, kuopsezedwa ndi nkhondo, nkhondo yapachiweniweni kapena ngozi yachilengedwe yokhudza dera lalikulu, basi. Zionetsero mulibemo. Imagwira kudera lokhalo kumene kuli vuto, kwa masiku osapitirira 21. Kuti ipitirire, aphungu awiri mwa atatu alionse a Nyumba yonse avomereze, ndipo asawonjezere kuposa miyezi itatu nthawi imodzi. Wotsekeredwa, abale ake adziwitsidwe pasanathe maola 48, dzina lake lituluke mu Gazette, chikalata cha zilengezo za boma, pasanathe masiku asanu. Kuzunza munthu n'koletsedwa ngakhale pamenepo.

Olemba malamulowa mu 1994 ankadziwa chimene ankathawa. Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza state of emergency pa 3 Malichi 1959 likulu lili konkuno ku Zomba, ndipo Kamuzu, amene anamangidwa tsikulo n'kutengeredwa kundende ya ku Gwelo (lero Gweru, ku Zimbabwe), atalowa m'boma anadzaza Mikuyu ndi anthu osazengedwa mlandu.

Koma chimavuta n'chakuti boma lochenjera silidutsa pakhomo lomwe pali mlonda, limalowera kuseri. Mu Epulo 2020 nduna ya zaumoyo inalamula m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha mliri wa Covid-19 pogwiritsa ntchito lamulo la zaumoyo, gawo 45 osalikhudza n'komwe. Chinaimitsa m'bindikirowo si pepala, koma anthu omwe anathamangira ku Bwalo Lalikulu, jaji Kenyatta Nyirenda n'kupereka chiletso pa 17 Epulo. Mu Seputembala khoti linagamula kuti m'bindikirowo unkaphwanya malamulo aakulu.

Tsono atolankhani anu akamva lamulo lotseka misika kapena loletsa kuyenda usiku, asamangolemba zomwe nduna yanena. Afunse gawo la lamulo lomwe yatsamira, ndi tsiku lomwe chiletsocho chithe.

Owerenga nyuzipepala yanu,
Zomba