Za asipirini uja

Mwana wanga,

Mkazi wako wandiuza pa WhatsApp kuti Lachiwiri pachifuwa panakugwira ngati wina wakusanjikiza thumba la chimanga, thukuta kamukamu, mkono wamanzere dzanzi, anzako akuntchito ku Johannesburg konko nkuthamangira kokugulira asipirini. Mwamwayi sunamwe. Koma kuchipatalanso sunapite, ndiye ine ndi zimene zandisowetsa tulo.

Anzakowo usawakwiyire, kwa anthu ena asipirini amathandizadi pa heart attack poti chimene chimatseka mtsempha wa mtima ndi magazi oundana. Koma iwe uli ndi hemophilia A, matenda oti magazi amachedwa kuundana, poti factor VIII yothandiza magazi kuundana mthupi mwako ndi yochepa, unatengera kwa ine ndikudziwa, ndiye mankhwala oletsa magazi kuundana kumwa mwachisawawa ungatayire magazi mmimba kapena mmutu osadziwa nkomwe.

Malume ako aja ankadzitama kuti ine magazi anga saundana ndiye zamtima sizingandipeze, fodya ali pakamwa, BP osayezetsa. Zinawapeza ali ndi zaka 52 ku Durban. Ndinapita kukawadwazika ndipo ndinaona ndi maso angawa, madokotala awiri, wamtima ndi wamagazi, kukambirana kaye pakhonde asanawakhudze. Anayamba kuwabaya factor kuti ikwere, kenako heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kachubu kokatsegulira mtsemphako anakalowetsera pamkono apa povala wotchi osati mphechepeche, akuti pamkono magazi akamatuluka mposavuta kupsinja. Anawaika stent, kachubu kakang'ono kotsalira mumtsempha kuti usatsekekenso. Asipirini ndi clopidogrel, mnzake woletsanso magazi kuundana, anawapatsadi, koma clopidogrel kwa nthawi yochepa, factor akubayabe, kuyeza magazi pafupipafupi mpaka iwo kudandaula kuti mwandiboola ngati sefa. Waona kusiyana kwake? Mankhwala omwewo, koma pali wina akuyang'anira.

Ndiye zikadzayambanso usadikire kuti mwina ndi chilungulira, usayendetsenso galimoto wekha, itanani ambulansi. Ukangofika mawu oyamba akhale oti ndili ndi hemophilia, usanatchule ndi dzina lomwe. Kakhadi kaja kolemba mtundu wa matenda ako kazikhala mu waleti, osati mu sutikesi mwa mapepala, ndipo nambala ya dokotala wako wamagazi mkazi wako akhale nayo mufoni. Brufen wa mawondo ujanso ndamva ukumwa, siya, panado alipo.

Mawa upite akakuyeze mtima, BP ndi shuga, undijambulire pepala lake ndilione. Uwapatse moni ana.

Ndine mayi ako