Kalata kwa mwana wanga amene akuphunzira kuulutsa glider

Mwana wanga wokondedwa,

Ndamva kuti posachedwapa uyamba kuuluka wekha kukalabu yanu ya ma glider, ndege zopanda injini, kufupi ndi Magaliesburg ku South Africa, popanda mphunzitsi kumbuyo kwako. Sindikukuletsa ayi. Koma ndikaganiza za kutera mtima wanga sukhala m'malo, ndiye undimvere.

Woyendetsa ndege ya injini akaona kuti walakwitsa potera, amawonjezera moto, n'kukwera, n'kudzayesanso. Iwe mwayi wako ndi umodzi basi. Chimene chimapha anthu kawirikawiri ndi ichi: munthu watsika kwambiri, bwalo akuliona patsogolo, ndiye amayamba kukoka ndodo yowongolera ndege pang'onopang'ono kuti mphuno ikwere, poganiza kuti akafika. Liwiro limatha, mapiko amaleka kunyamula, ndipo akangokhota, phiko lamkati limagwa, ndege n'kuyamba kuzungulira mphuno italoza pansi. Ukakhala pafupi ndi nthaka palibe mpata woiwongolera. Otto Lilienthal, mmodzi mwa anthu oyambirira kuulutsa glider, anali atauluka maulendo oposa 2,000 ku Germany, koma pa 9 Ogasiti 1896 glider yake inataya liwiro ali pamtunda wa mamita 15 okha. Anathyoka khosi, mawa lake n'kumwalira ku Berlin.

Choncho ukaona kuti mpweya wokukweza watha ndipo bwalo lili kutali, usakakamire kubwerera. Sankha munda ukadali m'mwamba, ndipo pofika mamita 300 ukhale utatsimikiza kuti ukutera pomwepo. Mphepo uidziwe poona utsi kapena madzi a padamu. Munda wotsetsereka utere molunjika kumtunda. Mawaya a magetsi saoneka uli m'mwamba, uziyang'ana mapolo ake. Chimanga chachitali chikakola nsonga ya phiko chimaitembenuza ndege yonse, bola munda wolimidwa kumene. Ndipo tsiku la mphepo yamphamvu uonjezere liwiro potsika, chifukwa kufupi ndi nthaka mphepo imachepa mwadzidzidzi.

Ndimakudziwa, suli munthu wofuna kuvutitsa anzako. Udzachita manyazi kuwaimbira kuti abwere ndi ngolo adzamasule mapiko m'munda mwa eni. Manyazi amenewo ndi amene akundiopsa kuposa mphepo. Mu Julaye 1983 ndege ya Air Canada, Boeing 767, inatha mafuta ili m'mwamba chifukwa anthu anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu. Kaputeni Robert Pearson, yemwe ankaulutsanso ma glider, ankafuna kukatera ku Winnipeg. Iye ndi mnzake ataona kuti sakafika, anaisiya Winnipeg n'kulowera kubwalo lakale la asilikali ku Gimli. Anthu onse 69 anapulumuka.

Usanauluke wekha, umupemphe mphunzitsi wako akukwezere kutali m'mwamba, aigwetse dala ndegeyo kuti izungulire, iwe uiwongole ndi manja ako mpaka thupi lizolowere. Ukatero undilembere mmene zayendera.

Kuno tonse tili bwino, azakhali ako akupereka moni.

Ndine bambo ako.