Nthawi ya anthu owoloka pa maloboti isachepetsedwe

Akonzi,

Ndalemba kalatayi pofuna kutsutsa maganizo amene oyendetsa galimoto ambiri amawanena akakhala pa mzere wautali, akuti chimene chimawachedwetsa pa maloboti ndi nthawi imene imapatsidwa kwa anthu oyenda pansi, choncho nthawiyo ingodulidwa. Sindikukana kuti kuwoloka kwa anthu kumadya masekondi, koma masekondiwo sachita kungoganiziridwa pamutu. Akatswiri a zamisewu amawerengera kuti munthu amayenda mamita pafupifupi 1.2 pa sekondi imodzi, ndiye kuti msewu wa mamita 14 m'lifupi, wa mizere inayi ya galimoto, umafuna masekondi pafupifupi 12 kuti munthu afike tsidya linalo. Ku United States, m'chaka cha 2009, liwiro limeneli analitsitsa kufika pa mamita pafupifupi 1.07 pa sekondi, chifukwa agogo oyenda ndi ndodo sangathamangitsidwe ngati mnyamata.

N'zoona kuti magetsi obiriwira akayaka, pa mzere umodzi pamadutsa galimoto imodzi pa masekondi awiri alionse, kotero masekondi 12 ndi galimoto zisanu ndi imodzi. Koma chimene madalaivala saona n'chakuti pa mphambano zambiri anthu amawoloka nthawi yomweyo imene galimoto zolowera mbali yawo zikuyenda, pamene msewu umene akuwolokawo unali woti uima kale. Pamenepo palibe chimene chatayika, pokhapokha ngati galimoto zolowera mbali imodzi ndi anthuzo zikanafuna nthawi yochepa kuposa imene munthu akufuna.

Vuto lenileni lili pa galimoto zokhota. Dalaivala wofuna kukhota akapeza anthu ali pa mizere yowolokera, ayenera kuima, ndipo ngati alibe mzere wakewake wodikirirapo, onse a m'mbuyo mwake amaima naye, ngakhale amene akungopita kutsogolo. Galimoto imodzi yokha ikhoza kutha nthawi yonse ya magetsi obiriwira. Amene analakwitsa apa ndi amene anajambula mphambanoyo, osati mayi amene akuwoloka ndi mwana kumbuyo.

Ndiponso anthu akadikiritsidwa nthawi yaitali amatopa n'kuyamba kuwoloka magetsi asanawalole, mmodzi apa wina apo, ndipo dalaivala aliyense amaponda mabuleki mwadzidzidzi. Kuchedwa kotereku kukhoza kuposa kumene timafuna kupewa kuja, ndipo kumadza ndi ngozi.

Njira zochepetsera mizere popanda kulanda nthawi ya anthu zilipo. Pa msewu waukulu pakhale kachilumba pakati, kuti munthu awoloke theka, aime, kenako amalize, ndipo mbali iliyonse ya galimoto imaimitsidwa kanthawi kochepa. Pamene anthu sachuluka paikidwe batani, kuti magetsi asaimitse galimoto popanda wowoloka. Ku Britain kuli malo owolokera otchedwa Puffin, okhala ndi makina oona ngati munthu akadali pa msewu. Amawonjezera masekondi kwa woyenda pang'onopang'ono, ndipo amamasula galimoto msanga anthu akatha.

Ndikupempha amene amayang'anira magetsi a m'misewu kuti asanasinthe sekondi iliyonse, atumize anthu akaime pa mphambano m'mawa ndi madzulo, awerenge owoloka, awerenge galimoto zokhota, ayesenso m'lifupi mwa msewuwo ndi tepi.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu