Nkhani ya Israel siyambira 1948

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya Israel ndi Palestine, chifukwa ambirife tikamatsutsana timayambira 1948, chaka chomwe dziko la Israel linakhazikitsidwa, ngati zonse zinachita kugwa kumwamba tsiku limodzi, chonsecho kumbuyoko kuli mkulu wina wachuma yemwe sitimutchula, Baron Edmond de Rothschild wa ku France.

Mkuluyu anabadwa mu 1845 m'banja la eni mabanki, koma iye mtima unali pa zojambulajambula, moti zambiri zomwe anatolera zili ku Louvre, nyumba yoonetsera zojambulajambula ya ku Paris, mpaka lero. Nde mu 1881 mfumu ya ku Russia Alexander II itaphedwa, Ayuda anaona zakuda, kumenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ena mpaka kuthawira ku Palestine komwe nthawi imeneyo kunkalamulidwa ndi ufumu wa Ottoman. Mu 1882 anamanga mudzi wa Rishon LeZion koma ambiri khasu sankalidziwa, madzi kunalibe, ndalama nazo zinatha. Anatuma mnzawo Joseph Feinberg ku Ulaya kukapempha thandizo, Baron nkupereka ndalama zokumbira chitsime, nkunena kuti dzina lake lisamveke. Nchifukwa chake ankangomutchula kuti HaNadiv, kutanthauza wopatsa uja.

Kuchoka apo sanabwererenso m'mbuyo. Mudzi wa Zikhron Ya'akov dzinalo nla bambo ake, Mazkeret Batya nla mayi ake. Masukulu, madokotala, mosungira vinyo, zonse thumba lake. Ine ndimamupatsa ulemu pamenepa, zoona, popanda iye midzi ija ikanatha ndi njala komanso malungo.

Koma chomwe chimandipweteka nchakuti thandizolo linabwera ndi chingwe m'khosi. Anatumiza akapitawo ake oti azilamula chilichonse, mbewu yoti mudzale ndi iwo, ndalama yodyera pamwezi ukalandire kwa iwo, ukayankha mokweza akudula. Anthu anauzidwa kuti azilima mphesa, Baron nkumagula pamtengo wokwera kuposa wa pamsika, nde mlimi amaoneka ngati akupindula pomwe akungodya za mwini. Anatsegulanso fakitale ya mabotolo ku Tantura yomwe sinakhalitse, inatsekedwa. Mu 1887 anthu a ku Rishon LeZion anaukira kapitawo wawo, ndipo tamvani izi, Feinberg yemwe uja, amene anayenda ulendo wonse uja kukagwada ku Paris, anakakamizidwa kuchoka m'mudzi omwe anaupulumutsa. Ndikaiganizira nkhani imeneyi mtima umandiwawa.

Mwini wake anadzaona kuti sizikuyenda, mu 1900 midzi ija inapita m'manja mwa bungwe la Jewish Colonization Association, iye nkuonjezerapo ndalama zoyendetsera.

Chinanso tisabise, malo ambiri ankagulidwa kwa eni minda akuluakulu, pomwe pamalopo panali alimi achiarabu omwe ankalima mobwereka, ena a iwo anachotsedwa. Pepala logulira linalipo inde, koma banja lomwe lasamutsidwa pepalalo silinawathandize kanthu, ndipo mkangano wa malo unayamba kufuka nthawi imeneyo.

Baron anamwalira mu 1934 ku France, kenako mu 1954 mafupa ake ndi a mkazi wake Adelheid anawanyamula pa sitima yapamadzi nkukawaika ku Ramat HaNadiv, pafupi ndi Zikhron Ya'akov. Chonde Akonzi, mukamalemba za dera limene lija muzitifotokozerako ndi mbiri ya zaka zimenezi.

Ine wowerenga wanu.