Lipoti la msonkhano wa odwala mtima ndi kuundana kwa magazi

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, zikomo pondituma. Ndapita, ndabwerako, ndipo kope lomwe munandipatsa ladzaza mpaka pachikuto. Za ndalama za ulendo ndasiya kale kwa msungichuma. Pano ndikhazikika pa zomwe zikukhudza ambiri mwa ife amene timamwa mankhwala oletsa magazi kuundana.

Msonkhanowu anauika pafupi ndi 13 Okutobala, tsiku lomwe kuyambira 2014 maiko amakumbukira vuto la kuundana kwa magazi. Ndi tsiku lobadwa Rudolf Virchow, dotolo wa ku Germany, ndipo mfundo zitatu zomwe zimatchulidwa ndi dzina lake ndi zomwe anatsegulira nazo: magazi amaundana akamayenda mwaulesi, mtsempha ukavulala mkati, kapena magaziwo akakhala ofulumira kugwirana. N'chifukwa chake munthu wogona nthawi yaitali atachitidwa opaleshoni, mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene, wodwala khansa, ngakhale wokhala pampando paulendo wopitirira maola 4, onse amakhala pachiopsezo. Mapiritsi olera okhala ndi estrogen nawonso amawonjezera vutoli.

Koma chomwe chinandigwedeza chinachitika tsiku lachiwiri. Namwino wina anatiuza kuti aliyense akhuthule patebulo mankhwala onse amene anali m'chikwama mwake. Ine ndinatulutsa warfarin wanga monyadira, mankhwala oletsa magazi kuundana aja, pamodzi ndi kabuku ka INR, muyezo wosonyeza nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane. Kenaka munagwa kapepala ka diclofenac, kotsala mapiritsi atatu, komwe ndimameza bondo likandivuta. Namwinoyo anakanyamula m'mwamba osanena kanthu. Manyazi anandigwira, abale. Pamatebulo ena panatuluka ibuprofen, asipirini ndi timabotolo ta mankhwala azitsamba. Zonsezi zikakumana ndi warfarin zitha kuchititsa munthu kutaya magazi m'mimba iye osadziwa. Pa ululu wamba anati panado ndiye wabwinoko, bola osapitiriza muyezo komanso osamumwa masiku ambiri dotolo osadziwa. Asipirini ndi wa okhawo amene dotolo wawalembera dala.

Apa m'pamene ndinaona kuti ngozi yathu yaikulu imachokera ku zomwe timawonjezera tokha kapena kusiya tokha. Warfarin ndi mankhwala akale, anayamba ngati poizoni wa makoswe asanavomerezedwe kwa anthu mu 1954, ndipo amagwira ntchito bwino zedi, koma kanjira kake n'kopapatiza. Kwa ambiri a ife INR iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika, magazi atha kuundana. Ikakwera, atha kutuluka osaleka. Anzathu amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima nthawi zina amapatsidwa muyezo wokwererapo, choncho tisamakoperane manambala. Mankhwala a matenda ena amasuntha INR imeneyi. Rifampicin wa TB amafooketsa warfarin, pomwe metronidazole, cotrimoxazole ndi fluconazole amamuwonjezera mphamvu. Ndiye aliyense wotilembera mankhwala, ngakhale wozula dzino, tizimuuza asanagwire cholembera.

Nkhani ya masamba inatenga nthawi, chifukwa ambiri tinauzidwa kale kuti tisiyiretu masamba obiriwira. Ine ndinawasiya chaka chathunthu. Kunena zoona ndinangodzimana pachabe. Vitamini K yemwe ali m'masambamo amalimbanadi ndi warfarin, koma chofunika n'kudya mofanana sabata ndi sabata, osati lero mbale yodzaza kenaka mwezi wonse osalawa. Dotolo amalinganiza mlingo wa mankhwala ndi kadyedwe komwe munthu anazolowera.

Ena mwa inu munandituma kuti ndikafunse za mapiritsi atsopano aja osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi, monga rivaroxaban ndi apixaban. Ndinafunsa. Amathandizadi ambiri amene magazi anaundana m'mwendo kapena m'mapapo, ndi amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, nthenda yomwe madotolo amati atrial fibrillation. Koma kwa wa valavu yachitsulo n'zosatheka. Komanso kafukufuku wa INVICTUS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anapeza kuti odwala atrial fibrillation yochokera ku nthenda yowononga mavalavu a mtima ya rheumatic heart disease amene ankamwa mankhwala a gulu la warfarin anamwalira ochepa poyerekeza ndi amene ankamwa rivaroxaban. Ndikudziwa kuti ena mukhumudwa, poti mzere woyezetsa INR umatopetsa.

Kwa amayi a m'gulu lathu: warfarin atha kuwononga mwana m'mimba, makamaka miyezi yoyambirira. Amene mukuganiza zotenga pakati kambiranani ndi dotolo zisanachitike, chifukwa nthawi zambiri amasinthira ku jakisoni wa heparin. Ngati mwangozindukira muli woyembekezera, musaleke nokha mankhwala, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa tonse: mukaiwala kumwa warfarin, imwani mukakumbukira tsiku lomwelo. Kukacha, pitirizani ndi mlingo wa masiku onse, osaphatikiza awiri.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala anazibwereza mpaka tinaziloweza. Mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kuwawa pakatumba, musausisite. Kubanika mwadzidzidzi, kubaya pachifuwa popuma kapena kutsokomola magazi, zomwe zingasonyeze kuti choundanacho chafika m'mapapo. Chifuwa kulemera ngati wina wakhalapo, ululu n'kumatsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu. Pakamwa kupotoka, dzanja kufooka, mawu kutuluka mophotchoka: imeneyo ndi sitiroko, ndipo mankhwala osungunula choundana muubongo amaperekedwa kawirikawiri m'maola anayi ndi theka oyambirira. Onani nthawi yomwe zayamba, mukawauze. Mbali inayo, ya kutaya magazi, ndi chimbudzi chakuda bii ngati phula, mkodzo wofiira, kamfuno kosaleka patatha mphindi 10 mutatsina mphuno, ndi kugwa n'kumenyetsa mutu, ngakhale mutadzuka muli bwinobwino.

Za fodya, mowa ndi kulimbitsa thupi ananena zomwe timamva masiku onse. Ndinangolemba muyezo wa bungwe la World Health Organization, wakuti mchere usafike magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kosadzaza, kuwerengera ndi womwe uli kale m'zakudya zogula. Gawo la masana pa nkhani imeneyi linali la zithunzi zambirimbiri, ndipo ndivomere kuti ndinawodzerako.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti tisindikize timakhadi tonyamula m'thumba, tolembapo dzina la mankhwala, mlingo ndi muyezo wa INR wa munthu aliyense, kuti wina akakomoka panjira achipatala adziwe msanga. Ndapemphanso wapampando kuti pa msonkhano wathu wotsatira tiitane namwino, ndipo aliyense abwere ndi chikwama chake cha mankhwala osasankhamo kanthu. Ndiyamba ndine kukhuthula.