Munatchula mayina anu okha pa mwambo wothokoza mavolontiya

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndifunse akuluakulu amene anakonza mwambo wothokoza mavolontiya kwathu kuno pa 5 Disembala: kodi anthu aja munawaitanira kuti muwathokoze, kapena kuti adzadzaze mabenchi pa nthawi yojambula zithunzi? Dzina la bungwe sinditchula, boma lathu sinditchulanso. Eni ake akudzidziwa, ndipo aliyense amene anapsa ndi dzuwa pabwalo paja tsiku limenelo akudziwa zomwe ndikunena.

Achemwali anga ndi mlezi pa sukulu ya mkombaphala m'mudzi mwathu. Anayamba kalekale, moti ena mwa ana amene ankawapukuta mamina ndi kuwaimbitsa a, e, i, o, u lero ali pabanja ndipo akuwatumiziranso ana awo. Uthenga utafika kudzera kwa amfumu woti asankhidwa kukalandira satifiketi yaulemu, anachapa chitenje chawo chopitira kutchalitchi, nabwereka nsapato kwa mnzawo wa kumvano. Mvula yobzalira inali itangogwa kumene, koma khasu analisiya. Ine ndinawaperekeza pa kabaza, poti mtima wanga unkati tsiku lotere munthu sayenda yekha.

Anatiuza kuti tifike 8 koloko m'mawa. Mlendo wolemekezeka anatulukira dzuwa litapendeka. Zimenezo zokha sindikanakuvutitsani nazo, a Mkonzi, tinazolowera. Kuti tenti inali ya mabwana pomwe oyamikiridwawo anali pamtetete, mipango kumutu, nazonso ndi zathu zakale. Chandilembetsa kalatayi ndi mayina.

Anthu oyankhula anali ambiri ndithu, ndipo aliyense akagwira chokuzira mawu ankayambira pamwamba: mlendo wathu wolemekezeka, bwanamkubwa, olemekezeka aphungu, wapampando wa khonsolo, makhansala, Gogo Chalo, magulupu, nyakwawa, akuluakulu a nthambi za boma, mkulu wa bungwe lathu, wachiwiri wake, oimira mabungwe anzathu, abusa ndi mashehe, atolankhani. Osati maudindo okha ayi, mayina omwe, ndi madigiri awo pamwamba. Wotsatira naye chimodzimodzi, kuyambiranso pamwamba. Pofika woyankhula wachinayi ana amene anakwera mumtengo wa mango kuonerera anali atauloweza mndandandawo, akumatsogoza okha dzina lotsatira. Bambo wina anaiwala khansala mmodzi. Woyendetsa mwambo anadzambatuka, kumunong'oneza, ndipo bamboyo anaimitsa zonse, kupepesa kawiri konse, kutchula dzina la khansalayo bwinobwino, khansalayo n'kuimirira kubayibitsa anthu. Dziko likanatha tsiku limenelo khansala akanapanda kutchulidwa.

Itakwana nthawi ya chimene tinabwerera, kumwamba kutayamba kuda, woyendetsa mwambo anati: "Chifukwa cha nthawi, tingoitana anthu atatu oimira anzawo. Ena nonse masatifiketi anu mukawapeza kwa apampando anu." Basi. Anthu atatu anapita kutsogolo, chanza, chithunzi, chanza, chithunzi, ndipo magalimoto analiza. Masatifiketi otsalawo ndinawaona ndi maso angawa, ali m'katoni ya madzi a m'mabotolo pansi pa tebulo, mnyamata wina wopanga za magetsi ataikapo phazi.

Chifukwa cha nthawi! Nthawi yake iti? Imene munaidya nokha kuyambira m'mawa? Oyamikiridwawo sanali kukwana ndi 60 omwe. Mwana wa Sitandade 5 akanawerenga mayina onsewo mphindi khumi zisanathe, ndi nthungululu zomwe. Kupepesa kwa khansala uja kokha kukanakwana mayina a alezi asanu.

Sizinathere pomwepo. Satifiketi ya achemwali itafika kumudzi, inali yokongola zedi, pepala lokhuthala, m'mbali mwa golide, zizindikiro za mabungwe zitandandalikana pamwamba, mabwana awiri atasayinira pansi, mayina awo atatayipidwa bwinobwino. Pamzere wa dzina la mwini wake panalibe kanthu. Wapampando, amene nayenso analibe mlandu, anangoti, "Mayi, akuti mulembepo nokha, cholembera ndi ichi." Ndiye kuti munthu adzithokoze yekha ndi bolopeni yobwereka. Achemwali sanadandaule, ndi munthu wofatsa, anangoseka n'kuliika pepalalo m'sutikesi. Ine ndi amene sindigona nazo.

Ena anena kuti ndikukuza nkhani yaing'ono. Chabwino. Pitani pa maliro aliwonse m'mudzi muno. Nthawi ya chipepeso ikakwana, mlembi amaimirira ndi kope lake n'kuwerenga mmodzimmodzi, amene wapereka mbuzi, amene wapereka ndowa ya ufa, ngakhale gogo amene wamasula K200 pamfundo ya chitenje. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, palibe amati chifukwa cha nthawi titchula atatu okha. Akalumpha dzina limodzi ndi mlandu wofika kwa nyakwawa. Anthu osapita kusukulu amadziwa kuti kuthokoza munthu ndi kumutchula dzina pagulu. Inu a madigiri munaphunzira kuti zosiyana ndi zimenezi?

Ife akuluakulu tikukumbuka masiku amene wailesi ya MBC inkawerenga mayina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite. Mudzi wonse unkazungulira wailesi imodzi, mabatire atayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo mndandanda unkatenga nthawi yaitali, koma wowerenga sankatopa, ife sitinkatopanso. Wailesi ya dziko lonse inkapeza nthawi ya dzina la mwana wa mlimi. Lero kabungwe kokhala ndi magalimoto atatu kakuti kalibe nthawi.

Mwina okonza mwambowu sakudziwa n'komwe chiyambi cha tsiku limene ankakondwerera, ndiye ndiwakumbutse. Ndi bungwe la United Nations limene linakhazikitsa 5 Disembala m'chaka cha 1985 kuti likhale tsiku la anthu ogwira ntchito mongodzipereka. La mavolontiya. Silinakhazikitsidwe kuti likhale tsiku la makhansala, kapena la mkulu wa bungwe ndi wachiwiri wake. Boma lathu nalo linatulutsa ndondomeko ya maphunziro a mmera mpoyamba m'chaka cha 2003, ndipo aliyense amene anayendako m'midzi akudziwa kuti ndondomeko imeneyi yaima pa misana ya amayi ngati achemwali anga, ambiri mwa iwo osalandira kanthu pakutha pa mwezi. Ndiwo amatunga madzi, kutola nkhuni, kupemphetsa chimanga ndi soya khomo ndi khomo kuti ana amwe phala, kusesa pansi pa mtengo kapena m'katchalitchi kobwereka, kunyamula mwana wodwala kupita naye kwa make. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma amene amawachitadi mawuwa tsiku ndi tsiku ndi alezi. Malamulo aakulu a dziko lino, ndime 19, amati ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa. Maloya andiuza kuti ndimeyo sikunena za masatifiketi. Ine ndikuti kumukhazika mayi wa zaka 50 padzuwa tsiku lathunthu, n'kumubweza kwawo osamutchula ndi dzina lomwe, ndi kumuchotsa ulemu, kaya khoti livomere kaya likane. Abusa amene anatsegula mwambowo ndi pemphero akudziwanso zimene zili pa Luka 10:7 zokhudza wantchito ndi malipiro ake. Malipiro sitikuwatchula n'komwe pano. Tikupempha dzina.

Ndipo pabenchi paja sipanali alezi okha. Panali amayi a mother group amene amalondola atsikana osiya sukulu mpaka kukawatulutsa m'mabanja. Panali anyamata a chitetezo cha m'mudzi amene amayenda usiku ndi tochi yogula okha. Panali amene amathandiza alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana, omwe aja ankayenda ndi zigubu za kolorini nyumba ndi nyumba nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023, mliri woopsa kuposa wina aliyense wa kolera amene dziko lino linaonapo. Dziko lino likudziwa bwino kuti zinthu zikavuta amayamba kufika ndani. Namondwe Freddy atagwetsa matope a m'phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe mu Malichi 2023, amene anayamba kukumba ndi makasu ndi manja anali anthu wamba a pomwepo, opanda alawansi, opanda tisheti. Anthu a mtundu umenewo ndi amene munawauza kuti akapeze mapepala awo kwa apampando.

Ndikayamba za alawansi ndiye danga lanu lichepa, a Mkonzi, koma ndisanamizire kuti sindinaone. Kuseri kwa tenti kunali katebulo ndi mafomu, ndipo mzere umene unali pamenepo sunali wa mavolontiya. Pamafomu amenewo dzina lililonse linalembedwa lathunthu, nambala ya foni, siginecha. Palibe anati chifukwa cha nthawi asayinire atatu okha oimira anzawo. Pamenepo nthawi inalipo, mvula inadikira. Matendawa si a kwathu kokha. Tonse tikukumbuka K6.2 biliyoni ya Covid-19 m'chaka cha 2021, momwe kafukufuku wa boma lenilenilo anaonetsera ndalama zothera m'maalawansi anthu akusowa mpweya m'zipatala. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo anatuma malemu Dr Saulos Chilima kuti aunike za maalawansi ndi zina, lipoti linaperekedwa, ndipo ife eni ndalama sanatiwerengere. Kuchokera apo chasintha n'chiyani? Msonkhano uliwonse, mwambo uliwonse, ngakhale wothokoza munthu wosalipidwa, woyamba kulipidwa ndi amene ali kale pa malipiro.

Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume, ndiye miyambo yotereyi ndaiona mitundumitundu. Mphunzitsi akamapuma amamugulira wotchi yapakhoma, kumuimbira nyimbo, kenako azikayenda chaka ndi chaka kulondola ndalama zake zopumira ntchito mpaka nsapato kutha. Pa tsiku lopereka mphotho kwa ana okhoza bwino, mwana wa nambala wani amalandira makope awiri ndi pensulo, pomwe mlendo wolemekezeka akupita ndi mbuzi ndi dengu la mazira. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anakwezedwa kufika K90,000 pamwezi m'chaka cha 2024, ndipo ogwira ntchito ankalirabe kuti sizikukwana. Nanga mlezi amene salandira ndi imeneyo yomwe agula bwanji sopo wochapira chitenje chobwerera ku mwambo wanu? Ya kabaza yopita ndi yobwerera tinalipira tokha. Anati adzabweza. Tikudikira.

Ndikudziwa kuti zithunzi zija pano zili m'lipoti lopita kwa opereka thandizo kunja, mwinanso zili kale pa Facebook, pansi pake atalemba kuti mavolontiya alemekezedwa. Azungu akaona amayi ovala zitenje akuwomba m'manja adzati ndalama yathu yagwira ntchito. Sadzadziwa kuti amayiwo ankawombera m'manja khansala.

Ndikupempha unduna woona za chisamaliro cha ana, mgwirizano wa mabungwe omwe si aboma wa CONGOMA, ndi bungwe la NGORA loyang'anira mabungwewo kuti ayankhulepo, chifukwa mabungwe amamva akauzidwa ndi iwowo, osati ife. Sizofuna msonkhano wa kunyanja ayi. Mayina a oyamikiridwa aziwerengedwa poyamba, pemphero likangotha, bwana aliyense asanagwire chokuzira mawu. Oyankhula akhale awiri. Tenti ikhale ya oyamikiridwa, mabwana abwere ndi maambulera awo. Ndalama ya madzi a m'mabotolo ndi ya gulu lovina mugule sopo, ndowa kapena thumba la feteleza. Ngati mlendo wolemekezeka sanafike pofika 10 koloko, Gogo Chalo apereke masatifiketiwo, manja ali nawo. Ndipo inu a bungwe lija, tumizani munthu pa njinga yamoto adzatolere mapepala opanda mayinawa mudzi ndi mudzi, mukawatayipe, mubwere nawo pabwalo la amfumu Loweruka lililonse limene mungasankhe. Mndandanda muli nawo, ndi womwe uja munatumizira makalata oitanira anthu.

Ine wokhumudwa,
Mphunzitsi wopuma,
Chigawo chapakati